Chimene Chinagwetsa Khoma la Atelala

Anzake a ku ntchito ankamutcha Zifukwa, ndipo dzinalo sanamunamizire. Munthu ameneyu sankalola kanthu kuchitika osafunsa kumene kachokera. Khoma likang'ambika, iye ankagwada n'kulondola mng'aluwo ndi chala mpaka kumaziko. Simenti ikakana kugwira, ankatapa mchenga n'kuutikita m'manja kuti amve ngati muli dothi. Ngakhale wina atangodandaula mutu, Zifukwa ankamupanikiza ndi mafunso, wagona nthawi yanji, wamwa madzi kapena ayi, mpaka wodwalayo n'kunama kuti mutuwo wasiya kuti apumeko. Anali kapitawo wa amisiri omanga nyumba, ndipo tisamudye miseche pachabe, nyumba zake sizinkagwa. Kutchalitchi ankangopondako pa ukwati kapena pa maliro. Mulungu sankamunyoza ayi. Ankangonena kuti anthu amamusenzetsa Mulunguyo milandu ya amisiri aulesi.

Bambo ake anali atelala. Anali ndi kashopu kawokawo ka zipinda ziwiri m'mphepete mwa msewu, pakati pa wosoka nsapato ndi sitolo ya zitsulo. M'kashopu kameneko ndi mmene munachokera zonse zimene zinalera Zifukwa ndi mlongo wake. Koma chimwalirireni amayi, makina osokera aja anakhala chete. Atelala anasamukira kwa mwana wawo wamkazi, amene anali mphunzitsi, ndipo m'mawa uliwonse ankapitabe ku shopu, kutsekula, n'kukhala pampando wa pawindo manja ali pamaondo. Wina akabwera ndi nsalu ankamubweza, amvekere maso akuvuta, chonsecho masowo ankaona ngakhale batani logwera pansi pa tebulo. Chakudya ankangochilawa. Malaya amene anadzisokera okha anayamba kuwalendewera m'mapewa. Mwana wawo wamkazi akawachonderera kuti adyeko, ankamuyankha mofatsa kuti, "Usavutike nane, mwanangu. Ine ndili pa siteji, ndikungodikira basi yanga."

Mawu amenewa ankamuopsa Zifukwa kuposa khoma lililonse lopendekeka. Bambo akewo ankawakonda, kungoti chikondi chake chinali cha m'manja, pakamwa sichinkafika. Anawaikira chitsulo chogwirira kubafa, anawakonzera sitepe ya pakhonde, anawatengera kuchipatala. Kumeneko anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi n'kuwapatsa mapiritsi, koma chimene chinkawadya mkati sichinaoneke pa makina alionse. Mng'alu umene unali pakhoma lakumaso kwa shopu anauonanso, n'kunena kuti adzaukonza mvula ikatha. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu.

Tsiku lina masana, mvula itangokata, atelala anadzuka pampando paja n'kutuluka. Chitseko cha shopuyo chinali chitayamba kale kuvuta, chosatsekeka pokhapokha munthu achikoke ndi manja awiri. Anachikoka mpaka chinagwira, n'kuyamba kuyenda. Asanafike patali anangomva kumbuyo kwawo, gumu! Khoma lonse lakumaso linali litagwera mkati pamodzi ndi malata ake. Mpando umene anali atakhalapo posachedwa pomwepo unasanduka nkhuni pansi pa njerwa. Anthu anathamangirako akukuwa, ena atayamba kale kufukula ndi manja, mpaka wosoka nsapato anawaona atelalawo ataima potero, fumbi lili mbuu m'mutu, akuyang'ana ngati ayang'ana za eni.

Chimene chinatsatira palibe anachiyembekezera. Madzulo a tsiku lomwelo atelala anadya n'kupempha china. M'mawa mwake anameta ndevu. Makina awo, amene anali pangodya, anatuluka m'zigumukire muja atangopindika pang'ono chopondera, ndipo atawongola anawaika pakhonde pa mwana wawo wamkazi. Sabata isanathe, anthu odutsa mumsewu anayamba kumva phokoso limene anali ataliiwala, makina akuthamanga kuyambira m'mawa, mwini wake akuimba chapansipansi, mapini ali kukamwa.

Aliyense wobwera ndi nsalu ankabwerera ndi nkhani yomwe. "Ndinali nditangokhala, osaganiza kanthu," ankatero atelala. "Ndinangomva ngati wina wandigwira paphewa, akuti dzuka. Ndinadzuka. Taganizani, nkhalamba ngati ine, yotha mano, Mulungu kusiya zonse zimene anali kuchita n'kulowa m'kashopu kanga! Ndiye kuti akundifunabe pansi pano. Chimene akundifunira sindikuchidziwa, koma ndisapezeke nditakhala chabe."

Zifukwa anasangalala, zimenezo tisamulande. Tsiku limene anapeza bambo ake akukalipira kasitomala chifukwa chobwera ndi zipi yachabechabe, anatembenukira kumbali kuti asaonetse misozi. Anaima chilili pamene bambowo ankamuyeza jekete, akumuseka kuti mimba yakula kuposa mapewa, ndipo tepi ija itamuzungulira pachifuwa anakumbuka mayunifolomu a ku pulayimale. Koma kachinthu kena kankamuyabwa. Iye anali atapita pamalo a ngoziyo tsiku lomwelo, atagwada m'matope, ataona zonse. Ndipo nkhani ija ikamayenda inkanenepa. Ena ankati kunamveka mawu kuchokera kudenga. Ena ankati njerwa zinaima m'malere kudikira kuti atelala adutse. Amisiri ake omwe ankamulonjera kuti, "A kapitawo, ali bwanji bambo athu a chozizwitsa?" Iye ankangoluma mano, n'kudziuza kuti bola nkhalambayo ikudya.

Zinafika poipa Lamulungu lina masana, kunyumba kwa mlongo wake. Anali atamaliza kudya, mbale zikadali patebulo. Panali atelala, mlongo wake uja, ndi mlamu wake, dalaivala wa malole amene sankatha kukhala osaseka. Atelala anapukuta m'manja n'kulengeza kuti pakhonde pawatopetsa, mphepo ikuuluza nsalu, ndiye mawa abwerera ku shopu. Chipinda chakumbuyo chikadali chiimire, anatero, angosesamo n'kuikamo makina.

"Bambo, simungalowemo muja," anatero Zifukwa. "Khoma lapakati latsala lokha, palibe chikuligwira."

"Amene ananditulutsa koyamba adzanditulutsanso kachiwiri."

"Palibe anakutulutsani, bambo."

Mawuwo anangotuluka. Mlongo wake anamuyang'ana ndi diso limene amayang'ana nalo ana a m'kalasi, koma Zifukwa anali atayamba kale kusuntha mbale. Chifukwa cholankhulira anali nacho, chabwinonso, pakuti m'chipinda chimenecho munalidi imfa. Akanangonena kuti, dikirani ndiyambe ndakumangirani, nkhani ikanathera pomwepo. Koma munthu amene wasunga yankho m'kamwa kwa nthawi yaitali salilavula pang'onopang'ono.

Anaimika mabokosi awiri a machesi motalikirana, pamwamba pake n'kugonekapo rula ya bambo ake, ndipo pa rulayo anasanjapo zidutswa za buledi. "Ili ndi khoma lanu," anatero. "Ngalande ya mumsewu inatsekeka, madzi ankalowa pansi pa maziko chaka ndi chaka. Maziko atatitimira, khoma linayamba kutsamira pa felemu ya chitseko. N'chifukwa chake chitsekocho chinkavuta, sikuti chinafufuma ndi mvula ayi, chinkapsinjika. Felemuyo nayo chiswe chinali chitaidya mkati, inangotsala khungu lokha. Ndinaigwira ndi manja angawa, inafumbutuka ngati bisiketi. Ndiye inu munabwera n'kukoka chitseko ndi mphamvu." Anagunda bokosi limodzi ndi chala, ndipo rula ndi buledi zinagwera patebulo. "Mwaona? Khomalo silinadikire kuti mutuluke. Linagwa chifukwa munatuluka. Mukanakhala pampando paja, bwenzi litaima mpaka mawa lake, mwina mpaka lero."

Atelala anayang'anitsitsa zidutswa za buledi zija. Anali munthu wa tepi ndi choko, wozolowera kuti chinthu chikayezedwa chayezedwa.

"Chabwino, achimwene, tamva za chiswe," anatero mlongo wake. "Koma tsiku lililonse bambo ankakhala muja mpaka madzulo. Anawadzutsa masanasana ndani? Chiswe chomwecho?"

"Mapiritsi."

"Mapiritsi anji?"

"A magazi aja. Si paja adokotala anawasinthira sabata yomweyo? Atsopanowa amakodzetsa. Amamwa akadya m'mawa, pofika masana ayenera kupita kuseri, afune asafune. Bambo, mutatseka chitseko munalowera kuti? Kumsewu kapena kuseri kuzimbudzi?"

Atelala anakweza dzanja n'kudzigwira paphewa, pamalo pamene ankaloza nthawi zonse akamafotokoza nkhani yawo, kenaka analitsitsa.

"Kuseri," anatero.

Mlamu uja analephera kudzigwira. "Ha! Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko!" Anaseka mpaka kumenya tebulo, koma ataona kuti akuseka yekha, anatsokomola n'kuyamba kusonkhanitsa mbale.

Mlongo wake sanagonje. Mayiyu anali wopemphera, koma sanali wogona m'mutu. "Ndiye mwatsutsapo chiyani, achimwene? Mukuganiza kuti Mulungu akafuna kudzutsa munthu amasowa chogwiritsa ntchito? Inuyo mukamamanga nyumba simugwiritsa wilibala ndi fosholo? Tinene kuti nyumbayo yamangidwa ndi wilibala? Mapiritsi ndi ake, chitseko ndi chake, mvula ndi yake."

"Ndiye kuti chiswe nachonso ndi chake. Anatuma chiswe kuti chidye felemu, n'kutumanso mapiritsi kuti apulumutse munthu ku chiswe chake chomwe? Mmisiri wotero ine ndingamuchotse ntchito."

"Samalani pakamwa."

"Ndikungofunsa. Chilichonse chili ndi chochititsa chake, ndipo ukachilondola umachipeza. Zikatikomera timati Mulungu, zikatiipira timati sitingadziwe njira zake."

"Inu mumadziwa mmene zinthu zimachitikira. Ine ndikunena za amene amalola kuti zichitike."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanatola machesi ake n'kupempha madzi akumwa. Mkanganowo unali utasiya kale kukhala wa chipinda chakumbuyo. Unali mkangano wakale wa ana awiri a mimba imodzi, umene anauyamba akadali a sukulu, ndipo onse awiri anaiwala kuti pakati pawo pakhala munthu. Zifukwa anamva kuti mlongo wake wamuthina, ndipo anatola mwala umene unali pafupi osayang'ana kukula kwake.

"Nanga amayi?" anatero. "Bwanji iwo sanawagwire paphewa? Miyezi yonse ija akubuula m'chipatala, akupemphera kuposa tonsefe, wogwira paphewayo anali kuti? Anatanganidwa?"

Lilime lilibe fupa. Mlongo wake anagwira pakamwa. Mlamu anaima pakhomo la kukhitchini mbale zili m'manja. Atelala okha ndi amene sanasinthe nkhope. Anatenga rula yawo patebulo, anaipukuta nyenyeswa za buledi ndi chikhatho, n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Funso limenelo nanenso ndinkalifunsa," anatero. "Ndinali nditangolisiya kumene. Usadandaule, mwanangu, ku shopu sindipita. Wafotokoza bwino."

Analowa kuchipinda kwawo n'kutseka. Zifukwa anatsala patebulo atapambana, ndipo sanamvepo kukoma kulikonse.

Atelala sanakwiye, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka kwambiri. Munthu wokwiya umamupepesa. Iwo anamaliza ntchito zonse zimene analandira, mosathamanga, msoko uliwonse wowongoka ngati kale. Jekete ya Zifukwa anaimalizanso, anaisita, n'kumutumizira. Inamukwana ngati anabadwa nayo. Koma nsalu zatsopano anayamba kuzibweza. Wina akawapempha kuti afotokoze nkhani ya khoma ija, ankangoti, "Aa, chinali chiswe," n'kumwetulira pang'ono. Kutchalitchi ankapitabe chifukwa mwana wawo ankawatenga, koma ankakhala kumbuyo, ndipo nyimbo ankangozitsatira ndi milomo. Kenaka tsiku lina anafunditsa makina aja nsalu, n'kukoka mpando kuuika kumapeto kwa khonde, poyang'ana msewu. Mbale zinayambanso kubwerera kukhitchini zosakhudzidwa.

Mlongo wake uja anamulondola Zifukwa kuntchito. Anamupeza ali pamwamba pa nyumba ina yosatha akuyang'anira omanga, ndipo anamudikira mpaka atatsika.

"Ndabwera kudzakuuzani kuti munapambana, achimwene. Dzulo adya supuni ziwiri."

"Ndinkaopa kuti khoma lina lija liwagwera."

"Ndikudziwa. Pa zimenezo munalondola, ndipo nanenso ndinalakwa kukukokani mpaka patali. Za chiswe sindikukana, za mapiritsi sindikukana. Koma inu amene mumaona chimene chagwira khoma lililonse, simunaone chimene chinkagwira bambo?"

Zifukwa anayang'ana nsapato zake zodzaza simenti. Mlongo wakeyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kunena kuti akuchedwa kusukulu.

Masiku otsatira ntchito inamuvuta. Ankaima ndi levulo yoyezera makoma m'manja, maso ali pakhoma, mutu uli kwina. Ankabwereza nkhani yonse kuyambira pachiyambi, kufunafuna pamene analakwitsa, koma sanapapeze. Ngalande inalidi yotsekeka. Felemu inalidi yodyedwa. Mapiritsi amakodzetsadi. Chilichonse chinali ndi chochititsa chake, chimodzi kukoka chinzake, ndipo kumapeto kwa zonsezo kunali bambo ake amoyo, ataima panja ndi fumbi m'mutu. Zoti adokotala asinthe mankhwala sabata yomweyo osati yotsatira, zoti khoma lichedwe pang'ono chabe lisanagwe, anali nazo zifukwa zake, koma akaziika pamodzi ankasowa dzina lozitchula. Maganizo ake pa za Mulungu sanasinthe. Chimene anazindikira n'choti anang'amba chinthu chimene sankadziwa kusoka, ndipo ankachita manyazi.

Anayesa kubweza mawu. Loweruka lina anapita kukakhala ndi bambo ake pakhonde, atavala jekete ija ngakhale kunkatentha, n'kuyamba mozungulira.

"Bambo, ndakhala ndikuganiza za khoma lija. Mwina ndinafulumira. Kukoka chitseko kokha sikungagwetse khoma lalikulu choncho. Ndafunsa anzanga ena, akuti pali zina zosamvetsetseka."

Atelala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuyeza.

"Anzako ati?"

"Amisiri anzanga."

"Iwe sudziwa kunama, mwanangu. Msoko wako ukuonekera kunja. Unanena zoona tsiku lija, usazichititse manyazi. Ine ndakulera kuti uzinena zoona." Anatambasula dzanja n'kumukonza kolala. "Jeketeyi usamaichape ndi madzi otentha."

Madzi akatayika saoleka. Zifukwa anabwerera kwawo, ndipo popeza pakamwa panamukanika, anatembenukira ku chimene ankachidziwa. Anatenga amisiri ake angapo n'kuyamba kumanganso shopu ija pa masiku opuma. Anagwetsa zonse zotsala, anakumba maziko akuya kuposa a nyumba yosanja, anatsekula ngalande n'kuiwaka bwinobwino. Pamwamba pa khomo anathirapo konkire ya zitsulo. Felemu anaika yachitsulo, yoti chiswe chikailuma chiguluke mano. Windo analikulitsa kuti kuwala kuzigwera pamene pakhale makina, ndipo anakhoma mashelefu a nsalu pa msinkhu woti nkhalamba ifikire osanyanyamphira. Wosoka nsapato ankabwera kudzaonerera, amvekere, "Koma atelala akaona zimenezi asoka mpaka zaka zana." Zifukwa ankakhulupirira zimenezo chifukwa analibe china chokhulupirira.

Penti itauma anakawatenga bambo ake pa galimoto ya kuntchito. Anali atachepa kwambiri, moti powakweza anamva nthiti zawo kudzera m'malaya. Atafika, atelala anatsika n'kuima kaye mumsewu, akuyang'ana. Analowa, anayendetsa chikhatho pakhoma, anasuzumira pawindo, anagwedeza shelefu imodzi kuti aone ngati ili yolimba. Kenaka anagwira chitseko n'kuchikankha ndi chala chimodzi. Chinatsekeka chokha, osalira n'komwe.

"Wamanga bwino," anatero. "Ili silidzagwa."

"Makina tibweretse mawa. Ndapeza kale wodzawanyamula."

"Ayi, mwanangu. Mupezereni telala wina wachinyamata, malo ano ndi abwino. Ine ndasoka zokwanira."

"Bambo, anthu akukufunsani. Tsiku lililonse amabwera pano."

"Atelala ndi ambiri."

Anayamba kulowera kukhomo. Zifukwa anaona kuti akatuluka pamenepo ndiye kuti zatha, ndipo mantha anamutsekula pakamwa pamene chikondi chinalephera zaka zonsezi. Anawagwira mkono. Mawu anatuluka okhotakhota, osazolowera njira.

"Bambo, ine ndimakufunani. Tsiku lija atandiimbira foni kuti shopu yagwa, ndinangokhala pansi pamchenga. Nditamva kuti muli moyo ndinalira pamaso pa anthu anga. Kaya chinali chiswe, kaya mapiritsi, ine ndinasangalala kuti munatuluka. Ndikanayenera kukuuzani zimenezi, osati zinazo. Musatisiye, chonde."

Atelala anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munalibe mkwiyo ngakhale pang'ono. Anaika dzanja lawo louma pamwamba pa dzanja lake n'kulisisita, monga ankachitira iye akadwala malungo ali mwana.

"Ndikudziwa, mwanangu. Sindinakayikepo. Koma iwe ndiwe mwana wanga, ungachitirenso mwina? Ine ndinkayesa kuti wandifuna wina amene sanali wokakamizika."

Anamusiya dzanja n'kutulukira padzuwa, akuphimba maso ndi chikhatho.

"Tandiperekeza kunyumba," anatero. "Ndatopa."